Thadzi Langa la Pulasitiki

Lolemba

Lero ndi lero! Masabata atatu akwana. Ndadzuka kusanache bwino, ndasesa pabalaza, ndavala chitenje chatsopano ngati kukubwera alendo. Komatu akubweradi: anapiye makumi atatu.

Makina oswera mazira ali pakona pawo, patebulo pomwe kale pankakhala wailesi. Akung'ung'udza bwinobwino. Manambala ofiira akuti 37.6, monga ananenera Tadala potumiza makinawa kuchokera ku Lilongwe. Mwana wanga ameneyu Mulungu amusunge. Anati, "Amayi, fodya wakukalambitsani msanga, yesaniko nkhuku."

Zomwe ndakonza:
- katoni yaikulu, ndayalamo makoko a mtedza
- madeya osefa, ndasakaniza ndi soya wokazinga
- kambale ka madzi, ndaikamo timiyala kuti wina asamire
- mbaula ndi makala
- dzina. Ndikudziwa kuti nkhuku sapatsa dzina, koma woyamba kutuluka akhala Chitsanzo basi.

Pangano langa ndi bambo a Tadala ndililembe pano, chifukwa amuna anga amaiwala mosankha. Nkhani ndi chigafa chaching'ono cha kuseri kwa nyumba. Iwo akufuna achifolere kuti chaka chino apachikemonso fodya. Ine ndikufuna chikhale khola. Mawu awo ndi awa: "Mukakhala ndi anapiye anuanu pofika Lamulungu, chigafa n'chanu. Kupanda apo, Lolemba ndikufolera." Mboni ndi amayi awo, apongozi anga, omwe anali pakhonde akusenda mango.

Apongozi ndi amene akhala akutembenuza mazira masiku onsewa. Sabata yoyamba ine ndinali ku maliro a atsibweni ku Kapelula, ndipo nditabwerako kunali kuwokera fodya, m'munda m'mawa mpaka madzulo. Iwo ndi bondo lawo lija amakhala pakhomo, ndiye anaitenga ntchitoyi ndi manja awiri. Ine changa chinali kuyang'ana manambala ndi kupukuta sola. Ndili ndi apongozi abwino, wina anene zake.

Masana: zii.

Madzulo: zii. Palibe kanthu, mwana woyamba amachedwa.

Lachiwiri

Zii.

Ndagunditsa khutu pabokosi mpaka khutu latentha. Ndikungomva kamphepo ka makina ndi mimba yanga.

Kawindo ka pamwamba n'kakang'ono, ndiye kachita nthunzi. Ndikungoona zoyerayera. Ndaimbira Tadala pa nthawi yake yopuma. Akuti ndisade nkhawa, mazira amachedwa ngati kutentha kunatsikako, ngati madzi anauma, kapena ngati chivundikiro chinkatsegulidwa pafupipafupi. Akuti chachikulu ndisatsegule. Wanena kanayi. Mwana ndinamubereka ndekha, lero akundilankhula ngati ndine amene ndimatsegula mapoto a eni.

Okayikiridwa:
1. Mitambo. Sabata yatha dzuwa linkangosuzumira, batire mwina inafooka.
2. Bambo a Tadala.

Wachiwiriyu ndamufunsa maso ndi maso ngati anazulapo waya kuti atchaje foni kapena kumvera mpira. Akana mpaka kuloza kumwamba. Akuti iwo sangayandikire "thadzi lanu la pulasitiki," loti silidya, silikumba, silithawa mphamba, ntchito kung'ung'udza ngati munthu wodwala dzino. Anena akumwetulira. Kumwetulira kumeneku ndikukudziwa, ndi kwa munthu amene wayamba kale kuwerengera m'mutu mikangala yopachikira fodya.

Koma anthu a m'mudzi muno, ayi ndithu, ali ndi chikondi. ANambewe a nyumba yoyandikana nafe abwera kawiri kudzafunsa ngati aswa. Mayi a Fatsani, aja a ku Phalombe omwe amuna awo ndi tenanti pa esiteti, ayenda mtunda wonse uja ndi mwana kumbuyo kudzangofunsa zomwezo. Ngakhale a Gondwe, mkulu wa mpingo, aimitsa njinga pamsewu n'kufuula m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Mama, kasi vyaswa?" Bambo a Tadala atadwala malungo chaka chatha a Gondwe sanabwere msanga chonchi.

Ndasangalala. Sindinkadziwa kuti anthu amandifunira zabwino chotere.

Lachitatu

Ziii!

Kuseri kwa nyumba kwaoneka mitolo ya udzu. Sinalipo dzulo. Ndafunsa bambo a Tadala, akuti angoisunga pamthunzi. Luzi lonyika mu ndowa nalonso akuti langosungidwa m'madzi.

Malangizo omwe ndalandira lero, osapempha:
- ANambewe: ndiike nthenga ya thadzi pamwamba pa bokosi, mazira amve fungo la mayi.
- Mayi a Fatsani: mabingu a sabata yatha anawadzidzimutsa, kwawo amaika msomali pafupi ndi chisa.
- A Gondwe: pemphero, komanso bulangete.
- Bambo a Tadala: anyezi ndi tomato.
- Apongozi: palibe. Angoti, "Zinthu zili ndi nthawi yake," kenako n'kuyamba kufunsa za mtengo wa sopo.

Ndachita zonse kupatula za anyezi. Nthenga ndaika, msomali ndaika, pemphero ndapereka. Bulangete ndinaona kuti n'lolemera, ndiye ndafunditsa bokosi jekete la bambo a Tadala lomwe amavala popita ku okushoni ya fodya. Ndapita kukatunga madzi. Pobwera, manambala akuti 39.1 ndipo makina akulira tswii tswii ngati galimoto yobwerera m'mbuyo! Ndataya ndowa pakhomo, ndachotsa jekete, ndayamba kupepesa mazira mokweza. Manambala atsika pang'onopang'ono. Tadala sindimuuza.

Masana ndinakumbukira kuti thadzi likamafungatira limalankhula ndi mazira ake. Makinawa salankhula. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Ndinagwada pafupi ndi tebulo n'kuyamba: kuu, kuku, kuku, kuu. Motsitsa poyamba. Kenako ndinaona kuti ndikutha, ndiye ndinawonjezera.

Potembenuka, bambo a Tadala ali pakhomo, khasu paphewa. Sanaseke. Anangofunsa mwaulemu ngati andibweretsere madeya kapena ndadya kale.

Ndiwo zamadzulo ndawathirira tsabola wambiri. Adya zonse, ayamikira.

Lachinayi

M'mawa kwacha bwino, dzuwa lili phwee, batire yadzaza. Fodya m'munda wagwira yense, waimika makutu. Ndikamuona ndimakondwa, ngakhale ndi mdani wanga pa nkhani ya chigafa.

Tadala wavomera kuti nditulutse dzira limodzi lokha, mwachangu, ndiliunike ndi tochi mumdima. Akuti ngati muli moyo ndiona. Ndatsegula kachivundikiro pang'ono, osayang'ana n'komwe, ndalowetsa dzanja ngati wakuba, ndatenga la pafupi. Ndadzifunditsa bulangete pakati pa balaza, dzuwa likuswa mtengo panja. Thukuta kamukamu.

Muli munthu! Mwadzaza bii, mbali imodzi yokha ndi yowala, ndipo chinachake chagwedezeka. Chagwedezekadi, sindikunama. Ndatulutsa misozi pansi pa bulangete, ine mayi wa mwana wamkulu wogwira ntchito m'tauni.

Chodabwitsa n'chimodzi. Mazira anga ndinawalemba T ndi pensulo, onse. Ili lili ndi mtanda wa khala. Mwina pensulo inafufutika ndi kutembenuza kuja, ndiye apongozi analembanso ndi zomwe maso awo angaone. Ndawafunsa. Bondo lawo lauka mwadzidzidzi, apita kunyumba kwawo kukagona. Ndawapititsira madzi otentha.

Alendo a lero: aNambewe ndi mbale ya nkhwani. Mayi a Fatsani ndi mango asanu. Mayi ena a kutsidya kwa dambo omwe dzina lawo sindilidziwa n'komwe, ndi chigwada. Onse amakhala pakhonde, kupereka moni, kenako khosi n'kumatalika kuloza pabalaza. Nditawauza kuti ndaona chamoyo, aNambewe anafunsa kuti, "Linali la mbali iti?" Funso lachilendo. Koma aNambewe ndi achilendo kale, anagulapo ambulera ya galu.

Kuseri, nsichi ziwiri zatsopano zatsamira chigafa. Zikungopuma, akutero eni ake.

Masiku atsala atatu. Mtima uli m'malo. Mochedwa, koma akubwera.

Lachisanu

Tadala akuti mwina mkati mwauma, zikamba zalimba. Ndiike kansalu konyowa ndi madzi ofunda, ndipo poti ndatsegula kale, ndiyang'ane ngati pali dzira lomwe layamba kung'aluka.

Ndatsegula. Ndayang'ana. Ndatseka. Ndakhala pansi.

Ndatsegulanso, kuti mwina maso.

Zomwe zili m'makina anga:
- a mtanda wa khala, angapo ndithu
- a kadontho kofiira ka penti ya zikhadabo
- olembedwa G ndi bolopeni, zilembo zokongola za munthu wozolowera kulemba za mpingo
- opakidwa mwaye kumutu
- ena omangidwa ulusi. Ulusi! Dzira kulimanga ulusi ngati mwana wakhanda!
- atatu ang'onoang'ono, osongoka, amathothomathotho. Ndinakulira kumudzi ine. Amenewa ndi a nkhanga.
- limodzi lalikulu ngati chibakera. Bakha.
- la T wa pensulo: limodzi. Pakona, lokhalokha, ngati mwana wamasiye paukwati.

Onse pamodzi makumi atatu, osachepa osachuluka. Malo onse odzaza bwinobwino.

Ndapita kwa apongozi. Chitseko chotseka. Akuti apita ku mapemphero a amayi. Lachisanu? Mapemphero a amayi amakhala Lachinayi chiyambire ine kukwatiwa m'mudzi muno. Ndipo bondo lija layenda bwanji?

Ndafunsa bambo a Tadala ngati akudziwapo kanthu. Ayang'ana m'bokosi kudzera pakawindo, akanda m'mutu, akuti iwo za nkhuku sadziwa, koma kusankha fodya amadziwa, ndipo belo losakaniza chonchi ku okushoni limabwezedwa. Atuluka panja. Ndawamva akutsokomola kuseri kwa chigafa, chifuwa chachitali chokhala ngati kuseka.

Nkhwani za aNambewe zinatsala dzulo. Ndaziyang'ana nthawi yaitali. Ndadya, poti nkhwani sizinalakwe.

Loweruka

Ndawapeza m'mawa akusesa pakhomo pawo, asanaganize kothawira. Ndapereka moni, ndafunsa za bondo, ndakhala pamphasa. Ulemu wonse ndachita. Kenako ndafunsa kuti, amayi, mazira anga ali kuti?

Atsamiritsa tsache. Sakuoneka ngati munthu wolakwa, akuoneka ngati munthu amene watopa kudikira kuti ayamikiridwe.

Nkhani yake ndi iyi. Ine ndili ku maliro, mbiri inamveka kuti kwathu kwabwera thadzi losatopa. Woyamba anali aNambewe, ndi mazira anayi m'mbale yovundikira, kudzaikiza monga timachitira thadzi la mnzako likayamba kufungatira. Apongozi anatsegula, anapeza malo onse odzaza.

"Ndiye ndikanatani, mayi a Tadala? Munthu wabwera ndi mbale m'manja, wagwada pakhomo panu. Ndimuuze kuti malo kulibe? Pakhomo pano sitinabwezepo mlendo. Mlendo akabwera, ana a pakhomo amatsika pabedi n'kukagona kukhitchini. Inunso mumachita zomwezo."

Ndiye anatulutsa anayi a pakhomo, n'kulowetsa anayi a alendo. Mawa lake mayi a Fatsani. Kenako a Gondwe. Kenako a kutsidya kwa dambo, omwe anamva kwa a Gondwe. Wa nkhanga anali mlamu wa winawake. Aliyense anauzidwa kuti asanene, poti mwini makina ali pachisoni, asamulemetse mutu. Limodzi anandisiyira dala, akuti kuti pakhomo pasathe mbewu.

Ndafunsa kuti nanga ana a pakhomo aja, atatsika pabedi, anakagona kuti.

Apongozi ayang'ana kumbali. Akuti okayikitsa anapatsa galu. Enawo, akuti kutaya chakudya ndi tchimo, ndipo mwana wawo ankabwera kumunda ali wofooka, mkazi wake kulibe.

Bambo a Tadala! Sabata yathunthu akudya mazira okazinga m'mawa ndi madzulo, m'nyumba yopanda nkhuku ngakhale imodzi, osafunsa! Ndawapeza ku chigafa. Akuti ankaganiza kuti ndi chikondi cha mayi. Akuti munthu wolera bwino safunsa kumene ndiwo zachokera.

Ndinali pafupi kukalipa. Kenako ndakumbukira tsiku lomwe ndinabwera ku maliro, wotopa, mapazi otupa. Apongozi anandilandira ndi mbale ya mazira othira tomato ndi anyezi. Ndinadya anayi. Ndinanyambita zala. Ndinawauza kuti mazira okoma chonchi sindinadyepo.

Ndabwerera m'nyumba.

Ndaimbira Tadala. Waseka mpaka bwana wake wamufunsa ngati ali bwino. Akuti ndiye palibe chomwe chachedwa, mazirawo ali pa nthawi yawo, wofulumira ndine.

Chakumadzulo, dzuwa likupendeka, ndikusesa pabalaza ndi mkwiyo wanga, ndamva: psii. Kenako psii psii. Pakawindo, dzira la kadontho kofiira laboola, kamlomo kakusuzumira. La mayi a Fatsani, aja a zikhadabo zofiira.

Ndimafuna kukwiyabe. Zakanika. Ndaitana aliyense, ngakhale odya mazira aja.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, Mulungu akudziwa chifukwa chake. Thadzi silisiya ana tsiku loswa.

Pofika masana: khumi ndi asanu ndi mmodzi, ena akugogodabe. Ndikuwasamutsira mukatoni akauma. Akuda, ofiirira, wina wa khosi lopanda nthenga, wonyansa mokondweretsa. Woyamba uja ndamutchabe Chitsanzo, ngakhale ndi wa ku Phalombe. Madeya anga akudya, madzi anga akumwa, mbaula yanga akuotha. A nkhanga ndi bakha Tadala akuti atenga sabata ina kapena kuposa. Zikomo kwambiri, mlamu wa winawake.

La T lili pakona pomwe paja. Ndaliunika: mbuu, mopanda kanthu. Ndaligwedeza, likuti khuchukhuchu. Losukusa. Pa mazira anga onse, apongozi anasankha limeneli kuti likhale mbewu. Ndakalikwirira kutali, kuseri kwa nthochi.

Potuluka m'tchalitchi eni anapiye onse afika, zovala za pa Sabata zili m'thupi. Nthungululu pabalaza. Aliyense akuloza wake, ngakhale zikamba zinasakanikirana kalekale ndipo palibe akudziwa kuti wa ulusi ndi uti. Ndinayembekeza kuti atulutsa madengu. Palibe wabwera ndi dengu. ANambewe akuti kwawo kulibe thadzi loti liwafungatire, angafe ndi mphepo. Mayi a Fatsani akuti ku esiteti kuli makoswe ngati amphaka. A Gondwe akuti, "Ŵakulire kwenekuno, mama, mawoko ghinu ngawemi." Ndiye kuti akulire konkuno, manja anga ndi abwino, akakula adzawatenga. ANambewe akuti adzandiganizira katambala kamodzi, tikaona mmene ziyendere.

Bambo a Tadala adikira anthu achepe, kenako akonza kukhosi. Akuti sakufuna kuvuta, koma pangano linati anapiye anuanu. Abwereza: anuanu. Afunsa mofatsa kuti wanga ndi uti pamenepa.

Ndayang'ana mukatoni. Ndilibe poloza. Ndavomera kuti ndagonja, mawa afolere, fodya alowe. Zandiwawa, ndisaname. Chigafa chimenechi ndinachiyeza kale ndi mapazi, ndinadziwa pomwe padzakhale zisa ndi pomwe padzakhale chomwera.

Apongozi anali pakhonde ndi mango awo. Afunsa kuti nanga anapiyewa azigona kuti akayamba kudumpha mukatoni. Mwana wawo wati kukhitchini.

"Kukhitchini? Ana a eni? A Gondwe adzamve kuti anapiye awo tikuwagoneka pa phulusa? Iwe, ndinakulera ine. Fodya ndi wa pakhomo, awa ndi alendo. Wa pakhomo ndiye amapatuka."

Bambo a Tadala ayang'ana ine kuti ndiwathandize. Ine ndinali kuyang'ana denga, lili ndi kangaude wofunika kuchotsa.

Panopa dzuwa likulowa. Ndikuwamva kuseri akukhoma, akung'ung'udza kuposa makina. Udzu uja akufolera lero lomwe, nsichi zopuma zija zadzuka, akutchinga m'mbali ndi bango kuti agalu asalowe. Fodya akuti adzamupanikiza m'chigafa chachikulu. Akhoma bwino, ndawaona, mpaka asiya kakhomo kotsika kuti ndizilowa osagunda mutu. Ndawaphikira tiyi wa mkaka.

Ndiye ndi mmene yathera sabata:
- khola: ndili nalo
- makina: akugwira ntchito bwino kwambiri
- anapiye: khumi ndi asanu ndi anayi tsopano
- nkhuku zanga: palibe

Basi, zili bwino. Madeya ndikasinja ena mawa.

Ndatuluka kukatenga makala a mbaula. Pakhonde pali mbale ziwiri zovundikira, mwini wake sakuoneka. Sindinatsegule. Apongozi akuti ndisazisiye panja, kukuzizira.